Kukaletsa Mbewu ya Mayi Aang'ono

Ndinatseka chitseko cha nyumba yanga ku Bangwe nthawi ili hafu faifi m'mawa, Lachisanu loyamba la Disembala. M'chikwama munali maenivulopu makumi awiri, mpeni waung'ono, chitenje ndi paketi ya shuga. Shugayo ndinagula dala, chifukwa munthu amene ukukamuuza kuti azule munda wake sumufikira chimanjamanja.

Ntchito yanga ndi yopera masamba. Ndimagwira m'labotale yopima matenda a mbewu, komwe ndimalandira masamba odwala, nkuwapera m'kamtondo kakang'ono, akuluakulu nkumapima madzi ake m'makina. Kwathu ku Nkhulambe amanditchula dokotala wa chinangwa, ndipo sindinawatsutsepo, pakuti dzinalo limandipezetsa mpando pamaliro. Komabe zaka khumi ndi ziwiri ndikupera masamba, maso anga aphunzira ndithu.

Chimene chinandinyamula ndi chithunzi. Lolemba mchimwene wanga Layitoni, mwana wa mayi anga aang'ono, ananditumizira pafoni chithunzi cha munda wa mayi ake. Sankadandaula ayi, ankanyadira. Analemba kuti, "Asisi, chigwada chanu chija chaka chino nchambiri. Amayi akugawa mbewu Loweruka, amayi a ku Mkhumba akubwera kudzatenga." Ndinakulitsa chithunzicho nkuyang'anitsitsa masamba. Khate la chinangwa ndimalidziwa, tinakula nalo, koma ili linali lafika pena. Masamba anali atapyapyala ngati zingwe za nsapato, mitengo ya chaka chathunthu yolekeza m'maondo. Mbewu imeneyo ikagawidwa, matendawo akadzalidwa m'minda ya mabanja ena. Ndinawaimbira mayi aang'ono kuti ndiwafotokozere, koma iwo nkhani ya pafoni amaiyesa moni. Anangoti, "Ubwere udzadye," nkudula.

Pa depoti ya Limbe kondakitala ankakuwa kuti kwatsala anthu awiri, ndipo anthu awiriwo anatsalabe kwa ola lathunthu. Tinanyamuka cha m'ma seveni. Mpaka pa Migowi anandiuza masauzande khumi ndi awiri, ndinati khumi, tinakumana pakati. Ndinakhala pampando wachitatu, bondo langa litatsamira thumba la feteleza, pambali panga pali bambo wina wa kofia yoyera atafungatira sikelo pamiyendo ngati khanda. Anati ndi Che Amidu, amagula nandolo ndi makaka m'misika ya ku Phalombe. Makaka, kwa amene sanawaonepo, ndi chinangwa chosenda nkuyanika padzuwa, chakudya cha miyezi imene nkhokwe imakhala ilibe kanthu.

Atamva komwe ndikupita anapukusa mutu. "Kuseri kwa phiri kumeneko makaka aonda, amayi. Kale chidutswa chimodzi chinkadzaza dzanja, lero ndi zala zokhazokha. Eni ake akuti nthaka yatopa."

Ndinamuuza kuti nthaka ikungonamiziridwa. Khate limayamba ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, kamene kamayenda njira ziwiri: tintchentche toyera timene timabisala kunsi kwa masamba timakatenga pamtengo wodwala kupita nako pa wabwino, ndipo anthu timakanyamula tokha tikadula mtengo wodwala kukadzala kwina.

"Nanga bwanji kale khate linalipo koma chinangwa chimabereka?"

Funso limeneli ndi limene linandisowetsa tulo sabata yonse. Ndinamufotokozera kuti nthawi zina kachilomboko sikayenda kokha. Kamakhala ndi kotsatira kake, kachidutswa kakang'ono ka DNA, kamene kuntchito kwathu amakatchula satelayiti. Kachidutswako pakokha sikangadwalitse mtengo, sikathanso kuchulukana popanda kachilombo. Koma kakapezana ndi kachilomboko mumtengo umodzi, matenda amakula msanga, masamba amapyapyala, ndipo ngakhale chinangwa chimene chimapirira khate chimatha kugonja. Ndi maso sungatsimikize kuti kalipo, ndiye chifukwa chake ndinatenga maenivulopu oti ndikaikemo masamba.

Che Amidu anaganiza pang'ono, kenaka analoza kutsogolo ndi chibwano. "Ndamva. Kali ngati kondakitala wathuyu. Galimoto si yake, kuyendetsa sadziwa, koma mavuto onse a muno akuchokera kwa iye."

"Ndakumvani, Che, mutsikira panjira," anatero kondakitala osacheuka. Minibasi yonse inaseka, ndipo ndinaganiza kuti akuluakulu athu a kuntchito akanakhalamo akanalemba mawuwo m'kope.

Titadutsa Chiradzulu msewu unatsetsereka, chigwa cha Phalombe nkutseguka chonse, phiri la Mulanje kudzanja lamanja, Michesi kutsogolo. Mvula inali itagwa masiku atatu apitawo, ndipo m'munda uliwonse munali anthu owerama, ena akudzala chimanga, ena m'madambo akukonza malo a mpunga. Dalaivala ankaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale amene ankangokanda m'mutu.

Tinafika pa Migowi teni koloko. Che Amidu anatsika ndi sikelo yake, nanditsanzika ndi mawu akuti makaka akadzanenepanso ndidzamukumbukire. Ndinagula chinangwa chokazinga pachiwaya, zidutswa zinayi za faifi handiredi, ndi mchere wa tsabola papepala. Ndinachinyema kaye pakati kuona mkati mwake, mwini chiwaya nkundiyang'ana moipidwa. Ndi chizolowezi cha ntchito, ndipo chandidanitsa ndi anthu ambiri ogulitsa.

Kuchoka pa Migowi kupita ku Chiringa ndinakwera kagalimoto kakang'ono ka masauzande atatu. Kutsogolo tinakhala anthu anayi, dalaivala nkumasintha giya pakati pa miyendo ya bambo wina amene anangopirira. Pa Chiringa phula ndinalisiya. Ndinapeza wa kabaza wa njinga yamoto, bambo wa ndevu zoyamba imvi, amene anati andifikitsa ku Nkhulambe ndi masauzande asanu, matope akhale mphatso.

Matope analipodi. Koma ine maso anali pa njinga zakapalasa zimene tinkapitirira. Pafupifupi iliyonse inali ndi mtolo wa mitengo ya chinangwa pakaliyala, ndipo ndinkaicheukira ngati wapolisi wa pamsewu.

"Mukufuna kugula mbewu?" anafunsa wa kabazayo mokweza mawu. "Kuno sitigulitsa imeneyo. Umangopempha kwa amene ali nayo. Chichokereni chaka chija madzi anatsika m'phiri nkukokolola minda, yasowa kwambiri. Amene ali nayo ndiye bwana."

Ndinamufunsa ngati anthu amaona kaye masamba asanapemphe.

"Mtengo wodula uli ndi masamba, amayi? Komanso chopatsidwa suchifunsa mafunso."

Ananena zoona, ndipo zoonazo zinandilemera. Mtengo ukadulidwa nkuusadza masamba, wodwala ndi wabwino amafanana ndendende.

Ananditsitsa pa kamtsinje kamene njinga yamoto siwoloka, nthawi ili wani koloko. Ndinavula nsapato, ndinawoloka, ndinayenda mphindi makumi awiri m'kanjira ka pakati pa minda. Mayi aang'ono ndinawapeza atakhala pakhonde akusenda mtedza. Ndi mayi wamfupi, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, amene anandilera mayi anga atamwalira ine ndili sitandade folo.

"Muli phama?" ndinawalonjera m'Chilomwe changa chotsalira, nditagwada.

"Chilomwe chako chikununkha tauni," anatero akulandira shuga. "Samba m'manja, Joyisi. Ndayamba kuphika mbandakucha."

Anabweretsa mpunga ndi mbale ya chigwada chotendera. Ndiyenera kuulula pano: ndinadya, ndinawonjezera, ndinapukuta mbale ndi chala. Chigwada cha masamba a khate ndi chofewa, sichivuta kusinja, sichiwawa, ndipo chimakoma kuposa cha masamba abwino. Aliyense kwathu amadziwa zimenezi. Ineyo, dokotala wa chinangwa, chaka chilichonse ndinkatumiza uthenga wakuti munthu akamabwera ku Limbe anditengereko masamba opiringizika aja. Kuntchito ndinkawatchula matenda, kunyumba ndinkawatchula ndiwo, ndipo mutu wanga sunazilumikizepo ziwirizi.

Dzuwa litapepa cha m'ma fili tinapita kumunda, ine, mayi aang'ono ndi Layitoni atanyamula khasu. Pansi pa mtengo wa mango panali mitolo yodula kale, makumi awiri ndi itatu, yoimika bwino pamthunzi, yomanga ndi luzi. M'munda momwemo mitengo yotsala inali yoipa kuposa pachithunzi. Ndinatembenuza tsamba limodzi, tintchentche toyera tinauluka ngati phulusa. Kenaka ndinaona kuti mitengo yambiri ili ndi kansanza komangidwa pakhosi.

"Nsanzazi ndi za chiyani?"

"Ndi zizindikiro," anatero mayi aang'ono monyadira. "Chaka chilichonse ndimayenda mzere ndi mzere, mtengo wa masamba opiringizika kwambiri ndimaumanga nsanza. Mbewu ndimadula pa imeneyo basi. Wosalala masamba ndimausiya. Zaka zisanu tsopano, ndipo ona mmene mtundu wake wakhwimira. Kulibe wina ali nawo kuno."

Ndinakhala pansi pamzere. Mayi anga aang'ono anachita ntchito yosankha mbewu mosamala kuposa anthu ena amene ndimagwira nawo ntchito, kungoti ankasankha matenda.

"Amayi, uwu si mtundu wa chinangwa. Ndi khate, ndipo lakula."

"Khate ndimalidziwa ine. Ili ndi la ndiwo. Si iwe unanena kuti chigwada changa palibe chofanana nacho? Si iwe umatumiza anthu?"

"Ndine."

"Ndiye lero chasanduka matenda chifukwa wakhuta?"

Layitoni anatembenukira kumbali kubisa kuseka. Ine manyazi anandigwira zedi, chifukwa mlanduwo theka unali wanga. Koma sindinayende ulendo wonsewo kuti ndikachite manyazi. Ndinamupempha Layitoni kuti akumbe mtengo umodzi wa nsanza. Anakumba, ndipo kunsi kunatuluka timizu titatu, kakakulu kake ngati chala changa chachikulu. Anakumba wachiwiri, chimodzimodzi.

"Ndi mchenga umene madzi aja anasiya," anatero mayi aang'ono, koma mawu anali atatsika.

Ndinafunsa ngati pali chinangwa china. Anati chilipo kutsidya kwa khwawa, kuseri kwa nsungwi, chimene malemu amuna awo anadzala cha makaka, ndipo iwo amangochibwereza mwamwambo osachilabadira chifukwa masamba ake ndi olimba, osinja mpaka mapewa kuwawa. Tinawoloka. Kamundako kanali kakang'ono, kothengera, koma mitengo yake yondipitirira mutu, masamba otambasuka obiriwira. Nthaka yake inali mchenga womwewo. Layitoni anakumba umodzi, ndipo anachita kuutula khasu nkukoka ndi manja awiri. Panatuluka zinangwa zisanu zonga mikono.

Tinaziika pansi pafupi ndi timizu tija. Kenaka ndinawafotokozera zonse zimene ndinauza Che Amidu, za kachilombo, za tintchentche, za kachidutswa kotsatira kaja kamene kamakulitsa matenda. Ndinawauza mosabisa kuti sindingalumbire kuti kachidutswako kalimo ndisanakapime masamba, koma kalimo kapena mulibe, mitolo ya pansi pa mango ija ikapita ku Mkhumba, chaka chamawa mabanja aja adzakumba zala.

"Ndinalonjeza pamsonkhano wa amayi a mpingo, ndinaimirira pamaso pa anthu," anatero mayi aang'ono pang'onopang'ono. "Anthu apalasa njinga kuchokera ku Mkhumba, ine ndiwauze kuti bwererani? Iwe mawa ukwera galimoto. Ine nditsala kuno ndi dzina lakuti womana."

Ndinathyola masamba anga, kuika m'maenivulopu, kulemba mzere ndi munda. Tinabwerera kunyumba iwo ali patsogolo, osacheuka. Madzulo amenewo anandiyankha ndi mawu amodziamodzi, ndipo tiyi anamwa wopanda shuga wanga.

Loweruka ndinadzuka faifi koloko nkupeza mphasa yawo yopinda kale. Ndinatsatira mapazi m'mame mpaka kutsidya kwa khwawa. Anali ataima pakati pa kamunda ka malemu, chikwanje m'manja, asanadule kanthu.

"Wachedwa," anatero. "Maso ako aja amene unakaphunzira nawo, abweretse kuno. Uziloza, ine ndizidula."

Tinayenda mtengo ndi mtengo. Ndinkayang'ana nsonga, kutembenuza masamba, ndipo wokhala ndi kachikasu ngakhale pang'ono ndinkaukana. Iwo ankadandaula pa uliwonse ndaukana. "Uwunso walakwa chiyani? Uli ndi maso a apongozi iwe." Layitoni ankamanga mitolo. Ndinawauza kuti maso si makina, wina ungatipulumuke, koma iyi ndiyo mbewu yabwino imene tingaipeze lero. Pofika eyiti koloko kamunda konse kanali katatha, ndipo mitolo inakwana isanu ndi iwiri.

Amayi a ku Mkhumba anafika cha m'ma naini, anthu asanu pa njinga zisanu, atadzera njira ya pakati pa mapiri, zitenje zili matope mpaka m'maondo. Wotsogolera anali mayi Dinesi, mnzawo wakale wa mayi aang'ono, wamtali ndi wa mawu aakulu. Atamwa madzi anaona mitolo ya pansi pa mango, nayamba kuwomba m'manja.

Ndinakonzeka kulankhula, koma mayi aang'ono anandigwira mkono. Anapita okha kukatenga timizu tija ndi zinangwa zazikulu zija, naziika pamphasa pamaso pa alendo.

"Anzanga, ndinakulonjezani mbewu ya chigwada. Kunsi kwake ndi uku." Analoza timizu. "Ine ndimayesa ndikusunga mtundu, chikhalirecho ndimaweta matenda, zaka zisanu. Mwana wangayu ndiye wandionetsa. Mitolo iyo sichoka pano. Yomwe ndikupatseni ndi iyi, ndi yochepa, mundikhululukire."

Amayiwo anapatsirana timizuto m'manja. Mmodzi anati kwawonso chinangwa chayamba kutero. Koma mayi Dinesi sanagonje msanga.

"Asisi, zamveka. Koma kamtolo kamodzi kokha, ndikadzale kuseri kwa bafa, ka ndiwo basi. Ine ndapalasa mtunda wonsewu chifukwa cha chigwada chimenechi."

Mayi aang'ono anandiyang'ana. Ndinaona m'maso mwawo kuti akufunitsitsa nditavomera, ndipo kunena zoona pakamwa panga panali padakali kukoma kwa dzulo. Ndinapukusa mutu.

"Tintchentche take sitidziwa bafa, a Dinesi," anatero mayi aang'ono eni. "Tikachoka kuseri kwa bafa tilowa m'munda mwanu, tikatero mwa aneba. Mudzanditukwana chaka chamawa. Bola munditukwane lero, muli pakhomo panga, ndikupatseni ndi mpunga womwe."

Mayi Dinesi anaseka mpaka kugwira m'mimba, nkhani nkuthera pomwepo. Kenaka mayi aang'ono anayamba kugawa. Aliyense mtolo umodzi, isanu. Ndinapuma, poganiza kuti iwiri yotsalayo ndi ya pakhomo. Koma anaitenganso, umodzi nkupatsa mayi wina amene anati akusunga ana amasiye, wina nkuumasula kugawira onse pang'onopang'ono. Pamphasa panatsala luzi lokha.

Ndinawakokera pambali. "Amayi, mwapereka yonse. Munda waukulu tikuzula. Inu mudzala chiyani?"

"Ukufuna ndilonjeze makumi awiri, ndipereke isanu, kwinaku ndikubisa iwiri?" Anandiyang'ana ngati ndanena zamwano. "Wandiletsa kupereka yoipa, ndamvera. Kupereka kokhako usandiletse. Za munda wanga, iwe si ndiwe dokotala? Kumene mumapima masambako mbewu yabwino simuidziwa komwe ili?"

Ndinati ndimaidziwa.

"Basi. Mvula yodzalira ilipo mpaka Khirisimasi."

Alendo atapita tinalowa m'munda waukulu atatu. Tinazula mtengo uliwonse, wa nsanza ndi wopanda nsanza, nkuunjika pamodzi ndi mitolo ija kuti ziume zitenthedwe. Mayi aang'ono anazula nawo. Nsanza zokha ankamasula nkumaika m'thumba la chitenje, kaya za ntchito yanji, sindinafunse. Pofika wani koloko munda umene unawadyetsa zaka zonsezi unali mizere yokhayokha.

Ndinanyamuka thu koloko kuti ndikapeze minibasi yomaliza pa Migowi. Wa kabaza yemwe uja anandipeza pa kamtsinje, naona manja anga odzaza dothi, nkufunsa ngati ndapeza mbewu. Ndinati ayi, ndikukaifuna. Pa Chiringa, podikira kagalimoto kudzaza, ndinaimba mafoni atatu, ndipo wachitatuyo, mlimi wina amene munda wake wa mbewu tinaupima chaka chomwecho nkuupeza wabwino, anati ndipite Lachitatu ndi zingwe zanga.

Maenivulopu ndinawapereka Lolemba, ndipo pamene ndikulemba izi zotsatira sizinatuluke. Zikadzatuluka zidzatiuza ngati kachidutswa kaja kafikadi kuseri kwa Michesi, nkhani imene akuluakulu anga akuidikira ndi chidwi. Kwa mayi aang'ono sizisintha kanthu, iwo anaweruza kale ndi chikwanje. Ine ndinapita kwathu ndikudziona ngati wodziwa amene akukaphunzitsa osadziwa, ndipo ndinaphunzitsadi, sindikana. Koma ine kuvomera kulakwa kunanditengera manyazi a tsiku limodzi, pamene iwo kunawatengera munda wonse, ndipo anachita pamaso pa anzawo osandiloza chala, ngakhale akanatha kutero.

Tchuthi ndapempha kale. Pa eyitini Disembala ndikwera minibasi yoyamba ndi mitolo khumi ya kwa mlimi uja, ndipo kondakitala anene mtengo umene akufuna. Ku Nkhulambe kuli mayi amene mmawa uliwonse akumapita kukapalira munda wopanda kanthu, kuti mbewu yanga ikafika ipeze mizere yoyera.